Chinde, katauni ka pamchenga kamene kanali khomo la Nyasaland

Kwa zaka pafupifupi 30, kuyambira mu 1891 mpaka mu 1922, anthu ndi katundu wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere akamapita ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ankayamba aponda pa Chinde. Nsalu, mchere, malata, makalata, mabuku a mishoni, zitsulo zomangira njanji, asilikali ochokera ku India, amishonale ndi akuluakulu a boma la atsamunda, zonsezi zinkatsikira pa katauni kameneka. Khofi, thonje ndi fodya wa kumapiri a Shire zinkatulukiranso pomwepo, limodzi ndi katundu wa kummawa kwa Zambia, kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa North-Eastern Rhodesia. Komatu Chinde sinakhalepo mbali ya Nyasaland. Ili ku Mozambique, m'chigawo cha Zambezia, pamene nthambi imodzi ya mtsinje wa Zambezi imathirira m'nyanja ya India, mtunda wosakwana makilomita 100 kummwera kwa mzinda wa Quelimane.

Mbiri ya tauniyi simveka ukayambira pa anthu. Imayambira pa mtsinje, chifukwa mtsinjewo ndiwo unaika Chinde pamene ili, ndipo ndi womwewo umene wakhala ukuidya pang'onopang'ono kuyambira tsiku limene anakhoma msomali woyamba.

Zambezi ndi wautali makilomita oposa 2,500. Amayambira kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, n'kudzalandira madzi a Kafue, a Luangwa, ndipo kumapeto kwenikweni a Shire, amene amabwera ndi madzi a nyanja ya Malawi. Akafika cha ku Mopeia, pafupifupi makilomita 120 kuchokera kunyanja, dziko limangoti see, lopanda chitunda n'chimodzi chomwe. Apa mtsinje umataya liwiro, ndipo mchenga ndi matope zimene wasenza ulendo wonsewo zimayamba kudikha. Zikadikha zimatseka njira, madzi n'kuboola ina. Motero mtsinje umodzi umagawikana nthambi zingapo, pakati pake n'kukhala zilumba, madambo ndi timifuleni tosawerengeka, dera lonselo kukula kwake pafupifupi masikweya kilomita 18,000. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, koma kumathiriro a Zambezi mwambiwu sugwira ntchito bwino: pamene panadutsa bwato chaka chatha, chaka chino pakhoza kukhala chisumbu cha mchenga chomera bango.

Vuto lalikulu lili pakamwa pa nthambi iliyonse. Pamene madzi a mtsinje akumana ndi mafunde a nyanja, mchenga umaunjikana n'kupanga mzere wobisika pansi pa madzi, wopingasa khomo lonse. Mafunde amasweka pamzerepo mwaukali, ndipo sitima yozama ikayesa kudutsa imakakamira. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, choncho woyendetsa sitima amadikira nthawi imene akwera kuti alowe. Pakamwa pa Chinde kuya kwa madzi pamzere umenewu kunkasinthasintha pakati pa mamita 3 ndi mamita 5 ndi theka. N'kosazama kwenikweni, koma poyerekeza ndi makomo ena a Zambezi kunali kwabwinoko, ndipo kubwinoko komweko ndiko kunabala tauni.

Kale, njira yolowera m'chigwa cha Zambezi inali ya ku Quelimane, doko lakalekale limene Apwitikizi ankatulutsirapo golide, minyanga ya njovu, ndiponso akapolo ochuluka m'zaka za m'ma 1800. Koma Quelimane sili pa Zambezi weniweni. Katundu ankamukweza m'mabwato n'kukwera naye kamtsinje ka Cuacua masiku angapo, kenaka n'kumutsitsa, anthu n'kumusenza pamutu kudutsa pamtunda mpaka kukafika pa Zambezi cha ku Mopeia. David Livingstone mu 1858 anayesa njira ina, kulowera pakamwa pa Kongone, ndipo amishonale a ku Scotland amene anabweretsa sitima yoyamba ya Ilala mu 1875 anadzera komweko. Koma pa Kongone panali povuta, moti amalonda anapitirizabe kudzera ku Quelimane.

Kusenza katundu sikunali kowawa kwa azungu, paja osenzawo sanali iwo. Chinkawawawa chinali chakuti katundu akatsika pa Quelimane waponda nthaka ya Portugal, ndiye kuti wagwa m'manja mwa a kasitomu a Chipwitikizi. Iwowa ankadula msonkho mmene afunira, ndipo akakwiya ankatha kungomugwira katunduyo. Kampani ya African Lakes, ija timaidziwa ndi dzina lakuti Mandala, inaziona zimenezi pa nthawi ya nkhondo yake ndi Mlozi, wamalonda a akapolo, ku Karonga kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, pamene Apwitikizi ankatsekereza zida ndi zipolopolo zake. Angerezi ankaumirira kuti Zambezi ndi msewu wa mafuko onse, koma mfundo imeneyi inalibe mano malinga ngati sitima yochokera kunyanja sinkatha kulowa mumtsinjemo popanda kutsitsa katundu pamtunda.

Mu 1889 Daniel Rankin, Mngerezi amene anagwirapo ntchito ya ukazembe ku Mozambique, analengeza kuti nthambi ya Chinde n'njotheka kulowamo kuchokera kunyanja. Mabuku amati iye ndiye "anatulukira" khomo limeneli. Asodzi a m'deralo, amene ankapalasa mabwato awo pamenepo chibadwire, ayenera kuti akanaseka atamva. Chimene Rankin anachita ndi kuyeza kuya kwa madzi ndi kuuza anthu amene anali ndi sitima zankhondo, basi. Koma zotsatira zake sizinachedwe. Chaka chomwecho Harry Johnston, kazembe wa Britain, analowa pa Chinde ndi sitima yankhondo yotchedwa Stork, ulendo wopita ku Shire, kumene gulu la asilikali lotsogozedwa ndi Mpwitikizi Serpa Pinto linkasunthira chakumpoto ndipo posakhalitsa linamenyana ndi Amakololo. Pa 11 January 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti achotse asilikali ake m'dera la Shire, apo ayi ubale utha. Portugal anagonja, ngakhale kuti ku Lisbon anthu anapsa mtima kwambiri, moti nyimbo ya fuko imene Apwitikizi amaimba lero inapekedwa mumkwiyo womwewo. Chaka cha 1890 chomwecho sitima ziwiri zankhondo za Angerezi, Mosquito ndi Herald, zinayamba kulondera pa Zambezi ndi Shire. Dzina lakale la Nsanje, Port Herald, linachokera pa yachiwiriyo.

Pangano la pa 11 June 1891 ndilo linadula malire amene tikuwadziwa lero pakati pa Malawi ndi Mozambique, ndipo linatsegula Zambezi ndi Shire kwa sitima za mafuko onse. Potsatira panganolo, Portugal anabwereketsa Britain kachigawo ka nthaka pa Chinde kwa zaka 99. Poyamba anali maekala 5 okha, pambuyo pake anawonjezera kufika maekala 25. Malowa ankatchedwa British Concession. Nthaka inali ya Portugal ndithu, koma katundu wopita ku Nyasaland ankatsikira m'menemo, kusungidwa ndi kukwezedwanso popanda kulipira msonkho kwa Apwitikizi. Munali nyumba zosungiramo katundu, maofesi a makampani, malo okonzera sitima, woimira boma la Britain, ngakhalenso positi ofesi imene inkagulitsa masitampa a British Central Africa, dzina lakale la Nyasaland. Munthu ankatha kuponya kalata ndi sitampa ya Nyasaland ali chiimire pagombe la nyanja ya India. Dziko lathu silinayandikirepo kukhala ndi doko lakelake la kunyanja yamchere kuposa pamenepa.

Koma malo amene anasankhawo anali oipa, ndipo sizinatenge nthawi kuti zioneke. Unali mlomo wa mchenga: kumpoto mtsinje, kummwera nyanja, kumbuyo dambo la mitengo ya mangrove, ija imamera m'matope a madzi amchere. Panalibe mwala woti n'kumangapo maziko. Madzi akamakwera ndi kutsika ankakokolola gombe usana ndi usiku, moti nyumba imene inamangidwa patali ndi mtsinje inkapezeka ili m'mphepete patangopita zaka zochepa. N'chifukwa chake nyumba zambiri zinali za matabwa ndi malata, zoti n'kuphwasula n'kukazimanganso chakumbuyo. Palibe amene ankaika ndalama zake pa nyumba ya njerwa yoti adzasiyire zidzukulu.

Ulendo wake unkayenda motere. Sitima zikuluzikulu za makampani a ku Britain ndi ku Germany sizinkatha kudutsa mzere wa mchenga uja, choncho zinkaima kunja, panyanja, mafunde akuzigwedeza. Kasitima kakang'ono kankabwera kuchokera ku Chinde kudzatenga anthu. Poti sitima ziwirizo sizinkakhazikika, anthu ankawalowetsa mu chidengu chachikulu chokhala ndi chitseko, makina n'kuchinyamula m'mwamba, n'kuchitsitsira m'kasitima kaja. Bwanamkubwa, bishopu, mayi wa mishoni, onse ankalowa Africa ali m'dengu. Akafika pa Chinde ankasinthanso, kukwera sitima za mumtsinje. Izi zinali zafulati kunsi kuti ziziyandama pamadzi osaya, ndipo m'malo mwa chopalasira cha pansi pa madzi zinali ndi chigudumu chachikulu kumbuyo. Katundu ankakhala m'mabwato achitsulo opanda injini omangiriridwa m'mbali mwa sitimayo. Moto wake unali wa nkhuni, ndiye m'mphepete mwa mtsinje monse munali malo oimapo kukweza nkhuni, ndipo mitengo ya m'magombe a Zambezi ndi Shire inathera m'ng'anjo zimenezi. Usiku sitima inkamangiriridwa pagombe, chifukwa mumdima woyendetsa sangaone pamene pali mchenga.

Madzi akakhala ambiri, ulendo wochokera pa Chinde kukafika kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa, unkatenga pafupifupi sabata imodzi. Sitima inkadutsa pa Shupanga, pamene pali manda a Mary, mkazi wa Livingstone, amene anamwalira mu 1862. Kenaka inkakhotera mu Shire, phiri la Morrumbala lili kudzanja lamanja, kudutsa Port Herald ndi Chiromo. Kwa Katunga ndiye pothera, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi. Kuchokera apo azungu ankakwera machila, katundu n'kukwera pamitu ya amtengatenga, chitunda chonse cha Chikwawa mpaka ku Blantyre. Wopitirira kunyanja ankatsikiranso ku Matope kukakwera sitima ina. Tawerengani kuti bokosi limodzi lochokera ku Glasgow linkatsitsidwa ndi kukwezedwa kangati lisanafike ku Mangochi, ndipo mudzamvetsa chifukwa chimene mlimi wa khofi wa ku Zomba ankalirira mtengo wa mayendedwe kuposa china chilichonse. Ngakhale sitima za panyanja ya Malawi zinadzera njira yomweyi zili zidutswazidutswa. Chauncy Maples, imene inapangidwa ku Glasgow mu 1899 ndi kuyamba kuyenda panyanja mu 1901, inabwera m'mitolo masauzande, ndipo boila yake yolemera matani 11 anachita kuikoka ndi manja anthu mazanamazana kudutsa pamtunda.

Pofika mu 1907 pa Chinde panali anthu 2,790, ndipo mwa iwo azungu anali 218. Nambala ya azunguyi ingaoneke yaing'ono, koma pa nthawi imeneyo inali yaikulu ndithu kwa katauni ka m'dambo. Otsalawo ndiwo ankayendetsa doko: Asena ndi Apodzo odziwa mtsinje, amene ankaima kutsogolo kwa sitima ndi nsungwi kuyeza kuya kwa madzi, Achuabo ochokera mbali ya Quelimane, amwenye a masitolo, ndiponso anthu ochokera ku Nyasaland amene ankabwera ndi makampani monga makalaliki, akapitawo, ophika ndi amisiri. Mmodzi mwa anthu a kwathu amene anakhalako ndi Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anabatiza anthu pafupifupi 10,000 mu 1908 ndi 1909 polalikira uthenga wa Watch Tower. Boma la atsamunda litamuchotsa kwawo, anakhala pa Chinde zaka zingapo nkhondo ya 1914 isanayambe. Kwa munthu woletsedwa kulalikira kwawo, malowa anali abwino: aliyense wopita ku Nyasaland kapena wochokerako ankadutsa pakhomo pake, ndipo makalata ankayenda ndi sitima zomwezo.

Kugwa kwa Chinde kunayambira kutali, kunyanja ya Malawi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 madzi a m'nyanjayi anayamba kutsika chaka ndi chaka, ndipo Shire anaphwa nawo limodzi. Cha mu 1915 zinafika poti mchenga ndi zomera zinatseka potulukira nyanja, Shire wa kumtunda n'kungotsala zithaphwi, mpaka m'zaka za m'ma 1930 pamene madzi anaboolanso. Sitima zimene zinkafika kwa Katunga zinayamba kuthera pa Chiromo. Kenaka nazo za pa Chiromo zinayamba kuthera pa Port Herald, ndipo m'chilimwe ngakhale pamenepo sizinkafika. Njanji inamangidwa mothamangitsa madzi amene ankathawawo. Ya pakati pa Port Herald ndi Blantyre inatha mu 1908. Posakhalitsa zinaoneka kuti sikokwanira, ndipo anaitalikitsa makilomita pafupifupi 100 kulowa m'dziko la Apwitikizi mpaka pa Chindio, pagombe la Zambezi weniweni, cha mu 1914. Mpaka apa Chinde inali ikudyabe, chifukwa katundu wotsika pa Chindio ankapitabe kumeneko pamadzi.

Chaka cha 1922 ndicho chinadula mutu wa nkhani. Mu February namondwe anaomba tauniyo, kugwetsa nyumba, kumiza sitima zina ndi kuponyera zina pamtunda. Chaka chomwecho njanji ya Trans-Zambezia yochokera ku Beira inafika pagombe la kummwera kwa Zambezi, moyang'anizana ndi Chindio. Tsopano katundu ankangooloka mtsinje n'kukwera sitima ya pamtunda yopita ku doko limene sitima zikuluzikulu zinkafika. Kumanganso zimene namondwe anagwetsa kunalibe phindu, ndipo mu 1923 Britain anabweza malo ake aja. Pangano la zaka 99, limene likanatha cha mu 1990, linangokhala zaka 30 ndi pang'ono. Mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita 3.7, utatsegulidwa mu 1935 pakati pa Sena ndi Mutarara, Nyasaland sinafunenso sitima ya pa Zambezi ngakhale yongoolotsa.

Ena amati namondwe ndiye anapha Chinde. Ine ndikuona kuti namondwe anangofulumizitsa maliro. Doko limene sitima yaikulu singalowe, lomangidwa pamchenga wokokoloka, lodalira mtsinje umene umaphwa miyezi ingapo pachaka, silikanalimbana ndi njanji ngakhale kukanakhala bata zaka 100.

Tauniyo sinafe yonse ayi. Inapeza mbuye wina, shuga. Mngerezi John Peter Hornung anayamba kulima nzimbe ku Mopeia cha mu 1890, ndipo minda ndi mafakitale ake zinadzaphatikizana mu 1920 kukhala Sena Sugar Estates, kampani imene inalamulira kumunsi kwa Zambezi kwa zaka zoposa 50. Mafakitale ake akuluakulu anali ku Marromeu, kugombe la kummwera, ndi ku Luabo, kugombe la kumpoto. Shuga wa ku Luabo ankatsika ndi mtsinje mpaka pa Chinde, n'kukwezedwa m'sitima za m'mphepete mwa nyanja. N'chifukwa chake sitima za chigudumu kumbuyo zija, zimene m'madera ambiri zinali zitasanduka nthano, pa Zambezi zinkayendabe mpaka m'zaka za m'ma 1970. Chakumpoto, ku Micaune, kunali minda ikuluikulu ya ngole (kokonati) ya kampani ya Madal, ndipo ngole zouma zofinyira mafuta zinali katundu winanso wa dokoli. Kutsekemera kwa shugayo kunali ndi mtengo wake. Ntchito ya m'minda inkayenda ndi chibalo, ndi msonkho umene munthu ankaulipira ndi thukuta lake, ndipo nkhanza zimenezi ndi zina mwa zimene zinathamangitsira mabanja ambiri a Chisena ndi Chilomwe ku Nyasaland. Ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Mulanje ndi ku Thyolo kuli mabanja ochuluka amene agogo awo anaoloka malire pothawa zimenezi.

Kenaka mtsinje womwe unasinthidwa. Damu la Kariba linatseka mtsinjewu kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, la Cahora Bassa mu 1974. Kale Zambezi ankasefukira chaka chilichonse cha mu February ndi March, kumwaza matope achonde m'madambo, kudzaza maiwe oswerana nsomba, ndi kukankhira madzi amchere kubwerera kunyanja. Madamu amasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse kuti apange magetsi, ndipo gawo lalikulu la matope limatsalira kumbuyo kwa zipupa zake. Kumathiriro zotsatira zake n'zoonekeratu. Madambo ena anauma. Madzi amchere amalowa patali kumtunda n'kuwononga minda ya mpunga. Tinkhanu ta m'nyanja tija Apwitikizi amati camarão, timene timakulira m'mizu ya mangrove tisanapite kunyanja ndipo tinkabweretsera Mozambique ndalama zambiri zakunja, tinachepa. Ndipo gombe limene kale linkalandira mchenga watsopano chaka ndi chaka tsopano limangoperekera mafunde osabwezeredwa mokwanira. Magetsi a ku Cahora Bassa ambiri amapita ku South Africa, koma ngongole yake ina amalipira ndi msodzi wa pa Chinde.

Mozambique atalandira ufulu mu 1975, eni ndi akatswiri ambiri a makampani anachoka, ndipo boma linatenga minda ya shuga. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, inasakaza chigwa cha Zambezi koopsa. Pakati pa zaka za m'ma 1980 fakitale ya ku Luabo inawonongedwa, ya ku Marromeu inaima, mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Anthu a kumtunda anathawira ku Malawi, kumene othawa nkhondo anafika pafupifupi 1 miliyoni, pamene a kumunsi anathawira kugombe ndi m'zilumba za kumathiriro. Nkhondo itatha, fakitale ya ku Marromeu inadzukanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma iyo ili ndi njanji yake yopita ku Beira. Ya ku Luabo, imene inkadyetsa doko la Chinde, sinadzukenso.

Nanga anthu alipo angati? Mu 1980 tauniyi inali ndi anthu pafupifupi 16,500, kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi chiwerengero cha mu 1907. Apa pali chinthu chofunika kuchiona: anthu anachuluka pamene doko linkachepa mphamvu. Sanachulukire ntchito za padoko ayi, koma kubadwa, sukulu, chipatala ndi maofesi a boma, poti Chinde ndi likulu la boma la dzina lomwelo. Boma lonselo linali ndi anthu oposa 100,000 pa kalembera wa mu 2007, koma mu 2013 dera la Luabo linapatulidwa kukhala boma palokha, choncho woyerekeza manambala a kale ndi a tsopano asamale, angaganize kuti anthu anathawa pamene angodulidwa ndi cholembera. Ambiri mwa anthuwa sakhala m'tauni. Ali m'midzi yomwazikana pa timizere ta mchenga tokwererapo pang'ono, pakati pa madambo, pamene ngole ndi chinangwa zimamera ndipo madzi osefukira safikapo msanga.

Chipwitikizi ndi cha kusukulu ndi kuofesi. Kunyumba ndi kumsika kumamveka Chisena, makamaka kalankhulidwe ka Apodzo a kumathiriro, ndipo chakumpoto, moyandikira Quelimane, kumamveka Chichuabo ndi malankhulidwe apachibale nacho. Munthu wa ku Nsanje sangasowe womva naye pa Chinde. Chakudya chenicheni ndi mpunga wa m'madambo, chinangwa, mbatata, nsomba ndi nkhanu, ndiwo zake zotendera ndi mkaka wa ngole m'malo mwa nsinjiro. Ndalama imachokera ku nsomba zouma ndi zamchere, ku nkhanu, ku ngole, ndi ku mitengo ya mangrove imene amadula kukagulitsa ngati milimo ndi makala. Ngole nazo zinakumana ndi tsoka: matenda ochititsa masamba chikasu mpaka mtengo kufa anapululutsa minda yambiri m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Zambezia, ndipo mabanja amene ankadalira mitengoyi anatembenukira ku mangrove, mitengo yomweyo imene mizu yake imagwira gombe. M'zaka zaposachedwa kwabweranso kampani ya ku China yokumba mchenga wa m'mphepete mwa nyanja umene uli ndi miyala ya ilmenite ndi zircon.

Kufika pa Chinde mpaka lero ndi nkhani ya bwato. Palibe msewu wa tala wolunjika kumeneko, ndipo wochokera ku Quelimane, ku Luabo kapena ku Marromeu amayenera kudalira madzi penapake paulendo wake. Izi zimakweza mtengo wa chilichonse, sopo, simenti, mafuta, ndipo wodwala wofunika chipatala chachikulu amadikira nyengo. Gombe likudyekabe, misewu ina ya m'tauni yakale inalowa kale m'madzi, ndipo m'matope a m'mphepete mwa mtsinje muli zigoba zadzimbiri za sitima zakale. Anamondwe nawo sanaleke. Dera lino lili pakati pa Beira, pamene Idai anatulukira kumtunda mu March 2019, ndi Quelimane, pamene Freddy anatulukira mu March 2023 asanakwere kudzagwetsa mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mvula imene inakokolola Chilobwe inatsika ndi Shire, kulowa mu Zambezi, n'kukathera kumathiriro komwe kunali kutalandira kale mphepo.

Dzina la Chinde linabwereranso m'makutu a Amalawi m'nthawi ya pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene anafuna kutsegulanso njira ya pamadzi ya Shire ndi Zambezi. Maganizo ake anali omveka: dziko lopanda nyanja yamchere limataya ndalama zambiri pa mayendedwe, ndipo katundu wolemera ngati feteleza ndi mafuta amatchipa akayenda pamadzi. Doko la Nsanje linatsegulidwa mu October 2010, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia ali pompo. Pulezidenti wa Mozambique, Armando Guebuza, sanabwere, ndipo bwato la feteleza limene anthu ankaliyembekezera pamwambowo linagwidwa ndi akuluakulu a dzikolo lisanafike. Mozambique anati pafunika kafukufuku kaye. Kafukufukuyo atatuluka cha mu 2015, mbali ziwirizi zinamuwerenga mosiyana: ku Lilongwe anamva kuti mitsinje n'njotheka kuyendamo, ku Maputo anamva kuti popanda kukumba mchenga chaka ndi chaka singayendeke mopindulitsa.

Kwathu nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya kaduka, yakuti Mozambique akuteteza madoko ake a Beira ndi Nacala ndi njanji zake. M'menemo muli choona, pakuti palibe dziko limene limaseka likaona msonkho wake ukulambalalidwa, ndipo Apwitikizi a pa Quelimane anachita chimodzimodzi m'zaka za m'ma 1880. Koma ngakhale mawa Maputo atavomera, zimene zinagonjetsa Mandala zikadalipo. Mzere wa mchenga pakamwa pa Chinde sunachoke, pamene sitima za masiku ano n'zozama kuposa za mu 1900, kutanthauza kuti katundu angafunikebe kutsitsidwa ndi kukwezedwanso, mwina ku Beira komweko. Shire wa kumunsi amadzaza ndi namasupuni ndi dothi lokokoloka kumapiri opanda mitengo. Kuya kwa Zambezi kumunsi kwa Tete kumadalira mmene a ku Cahora Bassa atsegulira zitseko zawo. Ndipo kukumba njira ya sitima m'mathiriro kungakhudze nsomba, mangrove ndi minda ya mpunga ya anthu a m'boma la Chinde, amene pa mkangano wonsewu sanamvekepo mawu awo.